Digiri ya zisudzo ndi nyimbo: kodi mwana wa ku Thyolo ingamudyetse?

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa maina a ophunzira omwe asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma, m'makomo ena ku Luchenza, Bvumbwe, Goliati ndi pa Thyolo Boma mumamveka nthungululu. Koma nthungululuzo sizikhala zofanana. Mwana akasankhidwira udokotala, zamalamulo kapena uinjiniya, nkhuku imafa tsiku lomwelo. Akasankhidwira maphunziro a zisudzo, nyimbo kapena chikhalidwe, makolo amayamba ayang'anizana kaye. Kodi kuvina ndi kuseketsa anthu n'kopitira kuyunivesite? Nanga akamaliza adzamulemba ntchito ndani?

Mafunsowa si achibwana. Mchaka cha 2023, University of Malawi ndi Malawi University of Science and Technology, yomwe ambiri amangoiti MUST, zidakweza fizi kufika pa K650 000 pachaka. Panthawiyo malipiro otsikitsitsa omwe boma lidakhazikitsa adali K50 000 pamwezi. Ndiye kuti kholo lolandira ndalama imeneyo likadayenera kugwira ntchito miyezi 13 osagula ngakhale mchere kuti fizi ya chaka chimodzi ikwane. Ngongole ya boma yomwe ophunzira amatenga nayonso imadikira kubwezedwa mwana akamaliza. Kwa banja lomwe limadya za dengu la tiyi, kusankha maphunziro ndi nkhani ya m'poto.

Mbiri ya anthu omwe adachita maphunzirowa m'dziko muno ikuonetsa kuti ndi ochepa kwambiri amene amadyera pasiteji. Ambiri nsima yawo amaipeza m'kalasi, pawailesi, m'mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko, komanso m'mayunivesite. Chomwe amagulitsa kumeneko ndi luso lochititsa anthu kulankhula poyera zinthu zomwe amaopa kuzitchula. Lusoli likufunika kwambiri m'boma ngati la Thyolo. Vuto ndi lakuti kwa zaka pafupifupi 40, amene wakhala akulilipira ndi mlendo.

Zidayambira ku Zomba

Kuti munthu amvetse komwe omaliza maphunzirowa amalowera, ayenera kuyamba wadziwa zomwe amaphunzira. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ku Chancellor College kudabadwa gulu la zisudzo la Travelling Theatre, lomwe poyamba linkayendayenda m'sukulu ndi masewero a m'Chingerezi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kolejiyi idatsegula dipatimenti ya Fine and Performing Arts, yophunzitsa zisudzo, nyimbo ndi zojambulajambula.

Zinthu zidasintha mchaka cha 1981 pomwe gululi lidapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukachita zisudzo pakati pa anthu akumudzi, m'chilankhulo chomwe iwo amamva, pa nkhani zaulimi, ukhondo ndi sukulu za kwacha. Kuyambira mu 1985, aphunzitsi a zisudzo Chris Kamlongera ndi David Kerr pamodzi ndi ophunzira awo adagwira ntchito ndi pulojekiti ya zaumoyo ya ku Liwonde, yomwe inkathandizidwa ndi dziko la Germany.

Njira yake idali yotere: ophunzira amakakhala m'mudzi masiku angapo, kudya ndi kucheza ndi anthu, n'kumamvetsera zomwe zikuwasautsa. Kenako amapanga sewero lopanda mathero. Nkhani ikafika pothina, wosewera amatembenukira kwa oonerera n'kuwafunsa chochita. Apo ndi pomwe mayi yemwe sakadayerekeza kudzudzula mkulu wa komiti pamsonkhano amatha kudzudzula mkulu wa komiti wa m'sewero, onse n'kudziwa amene akunenedwa.

Iyi idali nthawi ya chipani chimodzi, pomwe lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe laonedwa ndi bungwe la Censorship Board lisadaonetsedwe kwa anthu. Kupeza njira yoti anthu wamba alankhule m'nyengo yotero sichidali chinthu chapafupi. Luso limeneli, lofufuza, kumvetsera, kuluka nkhani ndi kutsogolera zokambirana, ndi lomwe lidadzatsegulira ophunzirawa makomo a ntchito.

Siteji sidyetsa ambiri

Alipo omwe adayesa kudyera pasiteji penipeni. Wodziwika kwambiri ndi Du Chisiza Jr, yemwe adakaphunzira zisudzo ku America ndipo mu 1987 adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, lomwe linkadalira ndalama za pakhomo. Chisiza adadzaza maholo m'mizinda ndi m'matauni, ndipo mu 1993 adasankhidwa kukhala nduna ya zachinyamata, masewero ndi chikhalidwe. Atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira adapitiriza ntchitoyo ndipo kenako adayambitsa gulu lake la Wanna Do, mpaka naye adamwalira mu 2006. Chichokereni awiriwa, zisudzo zolipiritsa pakhomo sizidabwererenso pamlingo womwe zidali.

Malo ochitira zisudzo nawo ndi osowa. French Cultural Centre ya ku Blantyre, komwe magulu ambiri ankakumanako ndi anthu awo Loweruka ndi Lamulungu, idatsekedwa mu 2011 ndipo katundu wake adabedwa. Malowa adadzatchedwa Blantyre Cultural Centre, koma ntchito yowakonzanso idatenga zaka zambirimbiri. M'matauni aang'ono ngati Luchenza ndi Bvumbwe, magulu amadalira maholo a sukulu ndi a mipingo, ndipo amalimbirana anthu ndi mavidiyo, mpira wa pakanema komanso nthabwala za pa Facebook ndi TikTok.

Chinanso n'chakuti woonerera salipira pepala la sukulu, amalipira chisangalalo. John Nyanga ndi Eric Mabedi, omwe dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, adakondedwa chifukwa cha luso lawo mu gulu la Kwathu. Palibe adawafunsapo satifiketi pakhomo la holo. Kholo lomwe likuganiza kuti digiri ipatsa mwana wake malo pasiteji likulakwitsa, monganso likulakwitsa lomwe likuganiza kuti popanda siteji digiriyo yafera m'mazira.

Komwe ambiri adalowera

Khomo loyamba ndi la uphunzitsi. Mpikisano wa zisudzo wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, womwe udayamba mu 1969, wakhala ukudalira aphunzitsi odziwa kulemba ndi kukonza sewero. Phunziro la Expressive Arts litalowa m'sukulu za pulayimale m'zaka za m'ma 2000, padafunikanso anthu okonza mabuku ndi ophunzitsa aphunzitsi.

Khomo lachiwiri ndi la wailesi. MBC idazoloweza Amalawi masewero ngati Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, nyumba zoulutsira mawu zidachuluka, ndipo mu 1999 kanema wa TVM adayamba. Bungwe la Story Workshop lidayambitsa sewero la pawailesi la Zimachitika mu 1997. Zonsezi zidafuna olemba nkhani, osewera, okonza mawu ndi ofufuza zomwe omvera akudutsamo.

Khomo lachitatu, lomwe lameza anthu ambiri, ndi la mabungwe omwe si aboma. M'zaka za m'ma 1990, kampeni yolimbikitsa maphunziro a atsikana ya GABLE, yomwe inkalipiridwa ndi bungwe la America la USAID, idatumiza ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College m'midzi. Kuchokera muntchito imeneyo mudabadwa bungwe la CRECCOM ku Zomba mu 1999. Nanzikambe Arts idayamba mu 2003, Theatre for a Change idafika m'dziko muno mu 2007, ndipo pambuyo pake padabwera Art and Global Health Center Africa, yomwe mmodzi mwa oyambitsa ake ndi mphunzitsi wa zisudzo Sharifa Abdulla. M'mabungwe otere, munthu amalowa ngati wotsogolera sewero, koma pakapita zaka amapezeka akuyendetsa pulojekiti yonse, akulemba malipoti ndi kupempha ndalama.

Khomo lachinayi ndi la ukachenjede. Kamlongera adakatsogolera likulu la SADC loona za kufalitsa mauthenga a chitukuko ku Harare, ndipo adadzakhalanso mkulu wa Chancellor College. Linje Manyozo, yemwe adaphunzitsapo m'dipatimenti yomweyi, adakaphunzitsa ku London School of Economics ndi ku RMIT University ku Melbourne, ndipo mabuku ake a zofalitsa mauthenga a chitukuko amawerengedwa m'maiko ambiri. Smith Likongwe amadziwika pophunzitsa zisudzo komanso polemba masewero okhudza atsogoleri a dziko lino.

Ndale nazo zatengako ena. Kupatula Chisiza, pali Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji. Iye adagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la ADRA, ndipo adakhala nduna kuyambira 2020, kenako wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino kuyambira June 2024 mpaka 2025. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: maina otchukawa ndi ochepa, ndipo kumbuyo kwawo kuli achinyamata ambiri omwe amayenda ndi maenvulopu a kalata zofunsira ntchito, kapena kugwira maganyu a miyezi itatu pulojekiti ikapezeka.

Maphunzirowa afika pakhomo

Kwa zaka zambiri, mwana wa ku Thyolo wofuna maphunzirowa amayenera kukwera basi ya ku Zomba. Pano afika pakhomo. MUST, yomwe idamangidwa ku Ndata ndi ngongole yochokera ku China pamalo omwe adapereka malemu Bingu wa Mutharika, idalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Ngakhale dzina lake likunena za sayansi, yunivesiteyi ili ndi nthambi ya Bingu School of Culture and Heritage, yomwe imaphunzitsa nyimbo za chi Africa komanso nzeru ndi miyambo ya makolo. Mmodzi mwa omwe adaitsogolera pachiyambi ndi Dr Robert Chanunkha, yemwe kale ankaphunzitsa nyimbo ku Chancellor College. Ku Zomba nako, kolejiyi itasanduka University of Malawi payokha mu 2021, maphunziro a zisudzo ndi nyimbo adapitirira pansi pa School of Arts, Communication and Design.

Thyolo si boma losauka pa zaluso. Gule wa tchopa, wa Alhomwe, adalembedwa m'kaundula wa UNESCO wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2014, kutsatira Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Kuno n'komwenso kudachokera Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band, yemwe nyimbo zake za banjo zidamveka mpaka kunja kwa dziko lino asadamwalire mu 1995. Oimba a m'badwo wa Namoko adasangalatsa dziko koma ambiri sadalemere nazo. Masiku ano kuli COSOMA, yomwe idayamba mu 1992, komanso lamulo latsopano loteteza umwini wa zaluso la 2016. Komabe lamulo silidziyendera lokha kupita kumudzi. Pafunika munthu wodziwa kujambula nyimbo bwino, kuilembetsa, kuwerenga mgwirizano ndi kulondola ndalama za mwini wake. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wophunzira nyimbo, ngakhale iye mwini asadzakwerepo pasiteji.

Ntchito ili m'minda ya tiyi

Ntchito ina yaikulu ili m'minda momwemo. Tiyi wakhala akulimidwa ku Thyolo kwa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa idayamba mu 1923, ndipo maina ngati Conforzi, Makandi, Naming'omba ndi Nchima ndi odziwika kwa aliyense. Nyengo yothyola ikafika, m'miyezi ya mvula, makampani a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje amalemba anthu pafupifupi 50 000. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Thyolo ili ndi anthu oposa 720 000, omwe ambiri athithikana m'timinda ting'onoting'ono m'mphepete mwa maesiteti. Pamalo otere nkhani zosatchulika zimakhala zambiri.

Yoyamba idali Edzi. Bungwe la madokotala la MSF lidayamba kugwira ntchito ku Thyolo mu 1997, ndipo mu 2003 lidayamba kupereka ma ARV mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Mankhwala pawokha sakadathandiza popanda anthu kulimba mtima n'kukayezetsa. M'dziko lonse lino, ntchito yothetsa manyazi ndi kusalana idagwiridwa kwambiri ndi magulu a zisudzo, oimba ndi masewero a pawailesi.

Yachiwiri ndi nkhanza zomwe amayi amakumana nazo pantchito. Mu February 2021, kampani ya ku Britain ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, idagwirizana zolipira mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu womwe amayi 36 ogwira ntchito m'maesiteti adakasuma ku London. Amayiwa adadandaula za kugwiriridwa ndi kuchitidwa zachipongwe. Kampaniyo sidavomere kulakwa, koma idalonjeza njira zatsopano zotetezera amayi. Chomwe nkhaniyi idaonetsa n'chakuti mayi wa kontirakiti ya miyezi yochepa, yemwe dzina lake lili m'manja mwa kapitawo, savutika kupeza chifukwa chokhalira chete. Chikalata chomatidwa pakhoma la ofesi sichingamutsegule pakamwa. Sewero lochitikira pabwalo la komboni, momwe kapitawo wa m'sewero akufunsidwa mafunso ndi khamu lonse, lingathe kuyambitsa nkhaniyo popanda wina kuloza mnzake chala.

Yachitatu ndi malipiro ndi malo. Mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe adasainirana pulogalamu ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro, ndipo mu 2016 bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU lidasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi Tea Association of Malawi. Chaka chomwecho, anthu otsatira Vincent Wandale wa People's Land Organisation adalowa m'minda ya Conforzi pofuna malo. Mgwirizano wolembedwa m'Chingerezi umafuna wina woti awumasulire wothyola tiyi m'njira yoti amve ndi kufunsa mafunso, ndipo mkangano wa malo umafuna bwalo lomwe mbali zonse zingamverane zikwanje zisadatuluke. Zomwe zidayesedwa ku Liwonde mu 1985 zikukwanira bwino pamenepa.

Wolipira ndani?

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Kuyambira ku Liwonde mpaka ku GABLE ndi mapulojekiti a Edzi, ndalama zambiri zolipirira ntchitoyi zakhala zikuchokera kunja. Mu January 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, ndipo pofika July chaka chomwecho USAID idali itatsekedwa. Mapulojekiti ambiri m'dziko muno adaima ndipo anthu adachotsedwa ntchito. Ndalama zikachepa, chipatala chimayamba chateteza mankhwala, ndipo ntchito yofalitsa mauthenga imakhala m'gulu la zoyamba kudulidwa. Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Kudalira mlendo kudaononganso lusolo. Akatswiri ngati Kerr ndi Manyozo adadandaulapo m'zolemba zawo kuti zisudzo zambiri zachitukuko zidasanduka zongotula uthenga. Galimoto ya chimkuzamawu imafika pamsika, anyamata amaseketsa anthu theka la ola, wina amajambula zithunzi za lipoti, basi ulendo. Anthu amaombera m'manja koma palibe wawafunsa maganizo. Ntchito yotere aliyense angaigwire, ndipo n'chifukwa chake malipiro ake amakhala a ganyu.

Komatu ndalama za pakhomo pano zilipo ndithu. Ogula tiyi akunja amafuna ziphaso ngati za Fairtrade ndi Rainforest Alliance, zomwe zimalamula kuti antchito aphunzitsidwe za ufulu wawo ndiponso kuti pakhale njira yoperekera madandaulo. Ndiye kuti makampani ali kale ndi chifukwa cholipirira maphunziro otere chaka ndi chaka. Chovuta n'chakuti sewero lolipiridwa ndi bwana limavutika kunena za bwanayo. N'chifukwa chake bungwe la ogwira ntchito, khonsolo ya boma, mipingo ndi makomiti a antchito omwe amayendetsa ndalama zapadera za Fairtrade ayenera kukhala nawo m'gulu la olemba ntchito achinyamatawa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mayunivesite nawo ali ndi mbali yawo. MUST ili m'boma limodzi ndi mafakitale a tiyi komanso makomboni. Wophunzira wa nyimbo kapena chikhalidwe yemwe watha zaka zinayi ku Ndata osakhalako sabata imodzi pakati pa othyola tiyi waphonya kalasi yomwe idapanga akatswiri a ku Zomba. Ophunzirawa afunikanso kutuluka akudziwa kulemba bajeti, kutchula mtengo wa ntchito yawo ndi kulembetsa kampani, chifukwa ambiri mwa iwo sadzapeza ofesi yowadikira.

Zoti makolo afunse

Kholo lomwe mwana wake wasankhidwira maphunzirowa lisathamangire kulira, komanso lisangovomera m'chimbulimbuli. Limufunse mwanayo luso lachiwiri lomwe adzaphatikize ndi zisudzo kapena nyimbozo, kaya ndi uphunzitsi, kulemba nkhani, kujambula ndi kukonza mawu pakompyuta, kapena kuchita kafukufuku. Limufunse komwe akagwire ntchito yoyeserera patchuthi, kaya ndi kuwailesi, kuchipatala kapena kubungwe, poti ntchito zambiri zamtunduwu zimapezeka kudzera mwa anthu omwe adakuona ukugwira. Limufunsenso ngati amatha kulankhula ndi agogo ake m'Chichewa kapena m'Chilhomwe mpaka iwo kumasuka, chifukwa wosatha kumvetsera anthu a kwawo sangapite patali ndi ntchitoyi.

Digiri ya zisudzo kapena nyimbo ilibe mpando woikidwiratu m'boma monga zimakhalira ndi unamwino. Yadyetsa anthu omwe adaitenga ngati khasu n'kukafuna okha munda, ndipo yagwiritsa fuwa lamoto omwe ankadikira kuitanidwa. Ku Thyolo mundawo ulipo, kuyambira kumakomboni a m'maesiteti mpaka kumabwalo a tchopa. Chatsala n'chakuti makampani a tiyi, khonsolo ndi mabungwe a antchito avomere kuti kuchititsa anthu kulankhulana ndi ntchito ngati ina iliyonse, ndipo ayiikire ndalama m'bajeti zawo osadikira mlendo.